Ine pa Ndege, Laisoni pa Basi

Ku Joni ndakhalako zaka zambiri ndikuchapa ndi kusita zovala za eni ake, koma mutandifunsa chimene chinandidabwitsa kuposa zonse, sindingatchule nyumba zazitali zija kapena misewu yodutsana pamwamba. Ndingatchule maola awiri. Maola awiri okha, nthawi imene ndimathera kusita malaya a abwana a sabata imodzi. Mpaka lero ndege ikamadutsa ndimasiya simbi n'kutuluka panja, ndipo zidzukulu za amadamu zimandiseka.

Popita koyamba ndinakwera basi ngati wina aliyense. Amene sanayendepo ulendo umenewo asamanene kuti kutopa amakudziwa. Umakwera ku Blantyre miyendo ili yako, pomatsika pafupi ndi Park Station yatupa, nsapato zikukana kulowa. Masiku awiri, nthawi zina atatu. Kudutsa Mozambique, kudutsa Zimbabwe, ndipo pa malire aliwonse kutsika, kufola, kutsitsa katundu, kumukwezanso. Ndiye m'mutu mwanga zinakhazikika kuti pakati pa Joni ndi kwathu pali masiku awiri. Ndinkayesa kuti ndi mmene Mulungu analengera dziko.

Masiku awiri amenewo ndi amene anandimana mayi anga. Azakhali, alongo awo a bambo, anaimba foni kuti mayi ako matenda akula, bwera. Ndinagula bulangeti ndi zakudya za odwala n'kukwera basi. Ndinafika ataika dzulo lake. Pamene foni ija inkaimbidwa n'kuti atamwalira kale. Kwathu munthu amene ali kutali samuuza maliro pa foni, amati angakomoke panjira. Amangoti bwera, zinazo ukaziona wekha. Mawu amene ndinawalankhulira azakhali tsiku limenelo sindingawabwereze pano. Ndinagwada pa dothi laliwisi lija n'kulumbira kuti abambo anga okha sadzalowa m'manda ine ndisanawaone nkhope.

Maliro atatha abambo anabwerera kwawo, mudzi wina kufupi ndi Chileka, kukakhala ndi azakhali omwewo. Ntchito yawo inali yokhoma zidebe ndi mbaula. Mudziwo uli pansi penipeni pa njira ya ndege, ndiye wotchi sankaifuna. Ikadutsa ya masana ankaika hamala pansi n'kunena kuti, “Ya ku Joni yatera, tiyeni tidye.” Moyo wawo wonse anaziona kumimba kokha. Ngakhale pa geti la bwalo la ndege sanalowepo.

Mlongo wanga wamng'ono, Laisoni, ananditsatira ku Joni patapita zaka zingapo. Ankagwira ntchito kwa omanga nyumba, ndipo tinkakhala m'timisasa ta malata toyandikana ku Zandspruit, komwe ine ndinkapitako Loweruka ndikaweruka kwa amadamu. Mwana wosadziwa kukhala chete, woseka ngakhale zinthu zitavuta. Abambo ankamukonda mobisa, chifukwa poyera ankangomukalipira.

Foni inalira Lachiwiri lina masana ndikukolopa kwa amadamu. Anali azakhali.

“Bambo ako sakupeza bwino. Bwerani nonse awiri.”

“Azakhali, ndiuzeni zoona. Apita?”

“Iwe bwera. Usachedwe.”

“Apatseni foni ndimve mawu awo.”

“Sangathe kulankhula pano.”

Anadula. Ndinakhala pansi pomwepo, pa simenti yonyowa. Sindinakayike ngakhale pang'ono. Nyimbo imeneyi ndinali nditaimva kale.

Amadamu anandipeza ndili chomwecho. Anali mayi wachikulire wa Chibunu, wokalipa pa zazing'ono, supuni ikasowa nyumba yonse inkadziwa. Koma tsiku limenelo anakoka mpando n'kukhala pafupi nane. Anafunsa kuti mwambo wa maliro udzakhala liti. Ndinati mawa kapena mkuja, kwathu sasunga. Anafunsa kuti nanga basi ikafika liti. Ndinati Lachisanu. Anavala magalasi, n'kuyamba kudinadina foni yawo.

“Mawa m'mawa kuli ndege ya ku Blantyre,” anatero. “Maola awiri ndi mphindi zochepa.”

“Maola awiri kukafika kuti, madamu? Ku Pretoria?”

“Kwanu.”

Ndinakwiya, chifukwa ndinayesa akusewera nane pa nthawi ya chisoni. Ndege ndinkadziwa kuti zimathamanga, sindine chitsiru. Koma ndinkaganiza za tsiku lathunthu, mwina kugona panjira kamodzi. Anandionetsa pa foni paja nthawi yonyamuka ndi nthawi yofika, ndipo zonse zinali za tsiku limodzi, dzuwa lisanapendeke. Tikitiyo anagula okha, n'kundiuza kuti ndisiye chokolopera ndizipita.

Madzulo ku Zandspruit anthu akwathu anadzaza pakhomo pa Laisoni. Ndi mmene timachitira kuno, maliro akagwa kumudzi timakhala pansi limodzi n'kuimba nyimbo ziwiri zitatu. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anati mwina mdala ali moyo. Aliyense pamenepo analandirapo foni ya mtundu umenewu. Laisoni sakanatha kukwera ndege chifukwa masiku a m'pasipoti mwake anali atatha kalekale, ndipo pa bwalo la ndege ankaopa kupitapo. Tinagwirizana kuti iye abwere pa basi ndi katundu wa pa maliro, nsalu yoyera, shuga, sopo.

“Achemwali, inu pitani mukawaone nkhope m'malo mwa tonse,” anatero, maso ali pansi. “Ine ndikapeza dothi.”

Lachitatu m'mamawa tinakwera takisi imodzi. Iye anatsikira ku Park Station ndi chikwama chake chachikulu cha mizeremizere, ine n'kupitirira. Basi yake inanyamuka ine ndisanalowe n'komwe m'ndege.

Tsopano apa ndidziseke ndekha. Munthu anandiuza kuti maola awiri, ndinaona ndi maso anga pa foni, koma manja anga anakana kukhulupirira. Ndinakonza kamba wa ulendo mmene ndinazolowerera: nkhuku yathunthu yokazinga, buledi, mazira owiritsa, chibotolo cha madzi, bulangeti logona nalo pa malire. Pamalo pofufuza katundu mtsikana wa yunifomu anatsegula chikwama changa n'kuyang'ana mnzake. Anandifunsa m'Chizulu kuti, mama, kodi mukupita kumwezi? Madzi aja anandilanda. Nkhuku anandisiyira, akupukusa mutu.

Mpando wanga unali wa pa zenera. Pambali panga panakhala bambo wina wa imvi, wa ku Zomba, wooneka kuti ulendowu anauzolowera. Ndi amene anandimanga lamba, chifukwa ine ndinkafuna kumumanga mfundo ngati chitenje. Ndege inayenda pang'onopang'ono kanthawi, ine mumtima n'kumati, ndimanena ine, pa liwiro ili tikafika Lachisanu. Kenaka inaima, inabangula, n'kundikankhira kumsana kwa mpando. Ndinagwira dzanja la bambo uja osapempha. Pansi panangochoka.

Joni yense, Joni amene wandidya mawondo ndi msana, anayamba kuchepa ndikuona. Milu yachikasu ya m'migodi, misewu ikuluikulu ija, maiwe osambira a kuseri kwa nyumba za mabwana akunyezimira ngati mabatani. Ndinafunafuna Zandspruit osaipeza. Kenaka tinalowa m'mitambo, kunja kunangoti mbee, ndipo titatulukira pamwamba pake ndinaiwala kupuma. Kumwamba kwa mitambo kuli dzuwa. Pansi kunali kwa mdima ngati kukubwera mvula, koma kuno kunali kowala, koyera mpaka kumene maso amalekezera, ndipo kunalibe chilichonse choyenda. Ndinakhala kukamwa kuli yasa. Kenaka ndinachita manyazi kwambiri. Abambo anga ali gone pa mphasa, ine mwana wawo ndikusirira mitambo.

Anabweretsa tiyi. Ndisanamalize kapu ija, mitambo inang'ambika ndipo bambo uja analoza pansi.

“Mukuuona mzere uwo? Ndi Limpopo ameneyo.”

“Limpopo wake uti? Amene timachezera pa mzere kuti tiwoloke uja?”

“Yemweyo. Tamuwoloka kale.”

Ndinayang'anitsitsa kuti ndione mpanda kapena geti. Kunalibe. Dziko linali limodzi, lofiirira, la timitsinje touma, ndipo sindikanatha kuloza kuti apa ndi pa eni ake awa, apa ndi pa awa. Palibe amene anatitsitsa kuti tifole. Palibe amene anatsitsa katundu wathu. Ndinamufunsa bambo uja kuti kodi kuchoka ku Joni kukafika ku Chileka ndi mtunda wautali bwanji. Anati makilomita opitirira chikwi chimodzi, ndipo ndege simakhota, imangolunjika. Ndinakumbukira Laisoni. Nthawi imeneyo n'kuti ali penapake kumbuyo kwathu, mawondo atatsamira mpando wa kutsogolo, ulendo wake usanayambe n'komwe kupweteka.

Posakhalitsa tinadutsa mtsinje wina waukulu wonyezimira, ndipo bamboyo anati ndi Zambezi. Pa basi, ukamawoloka Zambezi umakhala utanunkha kale thukuta la masiku awiri. Ine ndinkamvabe fungo la sopo amene ndinasambira ku Zandspruit m'mawa womwewo. Apa ndi pamene misozi inabwera, ndipo sinali ya abambo. Inali ya mayi. Zaka zonsezi ndinkati kwathu n'kutali, ndinkati sindikanachitira mwina. Chonsecho mayi anga anali pa maola awiri. Ndinapsa mtima osadziwa woti ndimupsere. Bambo uja anandipatsa kampango ka pepala n'kuyang'ana kumbali.

Makutu anatseka, mapiri anayamba kukula, ndinaona minda, madenga a udzu, munthu akuyendetsa njinga. Matayala anagunda pansi. Nditatuluka pakhomo, mphepo yotentha ya kwathu inandiwomba kumaso, ndipo munthu woyamba kundilankhula anati, “Takulandirani, mayi.” Wotchi yanga inkati nthawi ya nkhomaliro yangokwana kumene.

Ndinakwera njinga yamoto mpaka pa kanjira kolowera kwa azakhali. Pamenepo ndinatsika, ndinamanga chitenje ndi duku, n'kuchita zimene mwana wamkazi amachita akafika pa maliro a bambo ake. Ndinayamba kulira ndili patali kuti amve kuti ndafika. Ndinalira ndi mphamvu zanga zonse, manja kumutu, abambo anga ine, mwandisiyira ndani ine. Pakhonde panali amayi angapo atakhala, ndipo ine m'misozi muja ndinangoti ndi anamfedwa. Ndinadabwa kuona kuti m'malo mondilandira kulirako, akudzuka n'kumabwerera m'mbuyo. Azakhali anatuluka m'nyumba akuthamanga, n'kuima chapatali ngati aona mzukwa.

“Iwe, wachokera kuti?”

“Ku Joni.”

“Dzulo lomweli ndimalankhula nawe uli ku Joni.”

“Ndabwera pa ndege. Agonekedwa kuti?”

Anandithamangira n'kunditseka pakamwa ndi chikhatho. “Khala chete, mwana wopusa iwe. Bambo ako akukumva.”

Azakhali anandikokera kuseri kwa nkhokwe n'kundilongosolera mofulumira. A chipatala anawabweza Lolemba, anati masiku atsala ochepa. Iwo poimba foni anawerengera masiku a basi, kuti tifike Lachisanu tipeze zili kumapeto kapena zitangotha. Ndinafunsa kuti nanga osanena bwanji kuti ali moyo. Anati akananena zimenezo ndikanayankha kuti ndibwera mwezi ukatha. Sindinatsutse, chifukwa ankanena zoona.

Abambo anali pa mphasa pafupi ndi khomo, ataonda mpaka ndinawazindikira ndi manja awo okha, manja a zipsera za malata. Maso anali otsegula. Ndinagwada pambali pawo.

“Maliro a ndani amenewo olira mokweza chonchi?” anafunsa ndi mawu a pansipansi.

“Anu, abambo.”

“Ndiye walira bwino. Ndadzimvera ndekha.”

Ndinaseka ndi kulira nthawi imodzi. Ndinawagwira kumaso ndi manja onse awiri. Kunali kofunda.

Atapuma pang'ono anati, “Ya ku Joni yadutsa posachedwapa. Ndinaimva. Unali momwemo?”

“Ndinali momwemo.”

“Wanyamuka liti?”

“Lero lomwe lino, nditamwa tiyi.”

Anayang'ana kudenga. Kenaka mafunso anayamba, limodzilimodzi, akupumira pakati. Denga lathu unaliona? Pamwamba pa mitambo pali chiyani? Ndinawauza za dzuwa lija, za Limpopo amene ndinamuwoloka ndi kapu m'manja, za dziko lopanda mpanda. Amayi a pakhonde aja anali atadzaza pakhomo kumvetsera. Koma funso limene linkawavuta kwenikweni linali la ntchito yawo.

“Malata ake analumikiza bwanji? Anawotcherera?”

Mwamwayi ndinakhala moyang'anana ndi phiko maola awiri onse. Ndinati ayi, pali timisomali ta mitu yophwatalala, tambirimbiri, tili m'mizere yowongoka.

Anamwetulira mpaka usinini kuoneka. “Ndinkadziwa ine. Ndi chidebe chomwecho.”

Ndinatulutsa nkhuku ija. Azakhali anati abambo sanadye kanthu chiyambire Lolemba, koma abambowo atamva kuti yakazingidwa ku Joni m'mawa wa tsiku lomwelo, anati ndiwanyemere pang'ono. Anayamwa kachidutswa kamodzi nthawi yaitali. Anati mchere wachepa.

Ndipamene ndinakumbukira Laisoni. Ndinaimba, ndipo foni inalowa. Anati angodutsa kumene Polokwane, malire akadali kutsogolo.

“Mwafika kale, achemwali? Mwawaona?”

“Ndawaona. Dikira, pali munthu akufuna kukulankhula.”

Ndinaika foni pa khutu la abambo. Iwo anangoti, “Laisoni, ukubwera chapansi iwe?” Zimene ndinamva kuchokera m'foni muja sindidzaiwala. Mwana uja anakuwa, kenaka ndinamva akuuza basi yonse kuti bambo anga ali moyo, bambo anga ali moyo, anthu osawadziwa n'kumaomba m'manja. Abambo anamuuza kuti asiye phokoso pagulu, ndipo auze dalaivala apondeko pang'ono. Foni itabwerera kwa ine, Laisoni anati nsalu yoyera ija aiponya pa zenera, ndipo akaima ku Musina awagulira mdala jekete. Madzulo ake anawoloka malire, foni yake ya ku Joni n'kusiya kugwira.

Tsiku limenelo ndinakhala ndi abambo mpaka dzuwa kulowa. Ndinawadula zikhadabo. Anandifunsa ngati amadamu amandisunga bwino, ndipo ndinati amakalipa koma ndi munthu. Anandiuza kumene anasunga hamala ndi lumo lawo lodulira malata, kuti ndidzapatse Laisoni, ngakhale sadziwa kugwira chilichonse.

Anatisiya Lachinayi m'mawa, dzuwa litangotuluka, mutu wawo uli pa miyendo yanga. Nkhope yawo ndinaiona mpaka mtima unakhuta, ali moyo ndiponso atapita. Ndinayesa foni ya Laisoni kasanu, kakhumi. Sinkalowa. N'kuti ali pakati pa Zimbabwe, akudziwa kuti bambo ake akumudikira, ndipo amene anamuuza zimenezo ndine. Akuluakulu atakhala pansi kukonza za mwambo, ndinalowerera ngakhale sanandiitane. Ndinati manda akumbe, koma bokosi lisakhomedwe mlongo wanga asanafike. Anayang'anana, n'kuvomera kuti tiike Lachisanu masana.

Lachisanu m'mawa foni inalira, nambala yachilendo. Ndinathamangira kumunda, kutali ndi nyimbo za amayi. Anali Laisoni, atabwereka foni ya munthu pa Mwanza. Mawu ake anali osasa ndi kutopa, koma ankaseka.

“Achemwali, talowa. Tinagona pa malire, basi inavuta. Jekete ndagula, yabuluu, ya zipi. Mdala wadzuka bwanji?”

Ndinaganiza za msewu wa Mwanza, wotsetsereka uja, ndi mwana ali yekha pakati pa anthu osamudziwa.

“Iwe bwera,” ndinatero. “Usachedwe.”

“Apatseni foni ndiwaseke pang'ono.”

“Sangathe kulankhula pano.”

Nditatembenuka ndinapeza azakhali ataima pafupi ndi mtolo wa nkhuni m'manja. Anamva zonse. Anangodutsa.

Chakumasana ndinapita kukamudikira ku msewu. Anyamata anali atayala masamba aawisi modutsa msewuwo, kumtunda ndi kumunsi, kuti odutsa adziwe kuti pamudzi pali zovuta. Ndinamuonera patali ali pa njinga ya kabaza, chikwama cha mizeremizere chitamangidwa kumbuyo, jumbo ya jekete atainyamula pachifuwa. Atafika pa masamba paja wa kabaza anaima ndipo onse awiri anatsika, monga mmene aliyense amachitira. Laisoni anavula kapusi. Atandiona nkhope yake inawala, koma anadzigwira chifukwa cha ulemu, n'kubwera pafupi akuyenda pang'onopang'ono. Anatsitsa mawu.

“Pepani achemwali, sindimadziwa kuti m'mudzi muno muli maliro. Watisiya ndani? Mdala amuuza?”

Ndinamulandira jekete ija kuti ingagwe m'fumbi.